A Saize, Amene Anatsegula Kompyuta Pamaso pa Alendo

Loweruka lapitali tinavundukula chiliza cha a Benjamini Saize kumanda a mishoni ku Malindi, ndipo ndisabise, ine ndinaima pamenepo ndili wokwiya. Kwaya inaimba bwino, ansembe analalikira za kapolo wokhulupirika, mayi Saize analira pang'ono kenako n'kuyamba kuyang'anira zoti alendo akhale pamthunzi. Ine m'mutu mwanga munali nkhani imodzi yokha, ya chipinda cha makompyuta chimene munthuyu anatisiyira pasukulu pathu. Bungwe lina likufuna kutipatsa matabuleti atsopano, koma likuti chipindacho, ndi sola yake yomwe, tichipereke chili chopanda kanthu. Komiti inati yankho lichokere kwa ine teremu ino isanathe. Ndine hedi wa sukuluyi, ndiye woti anene kuti makompyuta a a Saize atuluke panja ndine. Iwo anakagona mwaulemu wawo pansi pa simenti yatsopano, ntchito yoipa n'kundisiyira ine, monga ankachitira ali moyo.

Ndinawapeza pasekondale yathu yoyendera akuphunzitsa masamu, ine ndikungoyamba kumene ntchito. Anali munthu wamtali, wowonda, woyenda mopendekera kutsogolo ngati akulimbana ndi mwera. M'thumba la malaya munkakhala cholembera chofiira ndi sikuludiraiva, m'khosi chingwe cha mafulashi chimene sankachivula ngakhale popita ku Mgonero. Atapuma pantchito mitima yathu inakhala pansi. Tinawagulira bulangete, tinawaimbira nyimbo, tinavina ndithu. Lolemba lotsatira tinangoona ali pakhomo la ofesi, akuti makompyuta akale amene mpingo wina wa kunja unatumiza, omwe anali ataunjikidwa m'sitolo pamodzi ndi makasu ndi zitini za penti, akufuna munthu wowasamala. Palibe amene anawapempha.

Ndisawanamizire, makompyutawo anawadzutsa. Zinthu zimene aliyense ankati n'zakufa zinayamba kulira ndi kuyaka, ana a asodzi n'kumalemba maina awo pa sikirini. Chimene anadzutsira makina amenewo ndicho chinatilowetsa tonse m'mavuto. Kompyuta iliyonse ili ndi pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zina zonse, akuti sisitimu. Imene ili m'maofesi a boma, m'mabanki ndi m'maloji ndi yogula, ya kampani yaikulu ya kunja, ndipo mkati mwake munthu wamba saonamo. Ina ndi Linux, imene anthu a m'maiko osiyanasiyana amailemba mothandizana, aliyense n'kuitenga kwaulere, kuiona mkati ndi kuisintha mmene wafunira. Ine zimenezi sindinafune kuzidziwa. Ndinazidziwa chifukwa chipinda cha aphunzitsi chili ndi khomo limodzi, ndipo a Saize ankakonda kuima pomwepo.

Yogula ija ankaitchula kuti ya lendi. Ankati munthu umakhalamo koma sungakhome msomali pakhoma, ndipo mwini wake akafuna amangokuuza kuti nyumba yakalamba, usamukire m'ina yodula. Linux ankaitchula kuti ya pakhomo. Chaka chilichonse potsegulira sukulu, akapatsidwa mwayi wopemphera, pempherolo linkathera pa ulosi woti chaka chimenecho ndicho chaka chimene Malawi yense atuluke m'nyumba ya lendi. Ndinamva ulosi umenewu mpaka imvi zinandimera. Ku banki sikunasinthe kanthu, ku ofesi ya maphunziro sikunasinthe kanthu, koma iwo mwezi wotsegulira ukafika ankaimirira ndi nkhope yowala ngati uthengawo wangofika kumene ndi basi ya m'mawa.

Mafoni atachuluka ndinaganiza kuti ndawapeza. Ndinawauza kuti ana onse ali pa foni tsopano, za makompyuta awo a mimba zikuluzikulu palibe akuzilabadira. Anaseka n'kunena kuti mafoni ambiriwa mtima wake ndi Linux yomweyo, ndiye kuti nkhondo tinapambana kale, anthu sakudziwa chabe. Ndinawapatsa foni yanga kuti andichotsere tizinthu tosafunika timene kampani inaikamo. Anaitembenuza, anaidina, kenako anati kampani inakhoma.

"Ndiye tapambana kapena tagonja, bambo Saize?"

"Ndi mwana wathu ameneyu, madamu, koma anakalembedwa ntchito ku esiteti. Wavala yunifolomu ya abwana."

Atatero anatenga tiyi amene ndinali nditadzithirira ine, n'kutuluka naye.

Tsiku limene anthu a kuno sanaliiwale ndi la mphatso. Pa nthawiyo ndinali wachiwiri kwa ahedi, ndipo ndinali nditavutika nthawi yaitali kupempha bungwe lina la ku Lilongwe kuti litiganizire. Linavomera kutipatsa makompyuta atsopano, a m'mabokosi, odzaza chipinda chonse. Tinatchetcha msewu, miyala tinaipaka laimu, kwaya inapeka nyimbo yothokoza. Che Bwanali, wapampando wa komiti ya sukulu, amenenso ali ndi maboti a usipa, anapereka nsomba za alendo. Dzulo lake ndinawaitanira pambali a Saize.

"Bambo Saize, mawa ndikupemphani chinthu chimodzi. Musalankhule."

"Ine ndilankhula chiyani, madamu? Ndidzangothandiza kulandira basi."

Ndinapita kunyumba ndili wokondwa, kupusa kwanga.

Kuno kunyanja munthu akabweretsa injini ya boti, kaya wagula kaya wapatsidwa ndi m'bale wake wa ku Joni, sailandira ndi manja okha. Amaiika pamchenga pamaso pa amene wabweretsayo, wodziwa makina amachotsa chivindikiro, amayang'ana mapulagi, amagwira oilo ndi chala, anthu ataizungulira. Si chipongwe ayi. Kumeneko ndiko kusonyeza kuti chinthucho mwachitenga kukhala chanu ndipo muchigwiritsa ntchito, komanso kuti mawa pasadzakhale mawu. Munthu wolandira injini osaitsegula anthu amamuganizira kuti akufuna kukaigulitsa.

Woimira bungwe anali mayi wachitsikana, waulemu wake, wovala suti m'kutentha kwa kuno. Atatha kulankhula, kompyuta yoyamba inatulutsidwa m'bokosi n'kuikidwa pa tebulo limene tinayalapo nsalu yobwereka kutchalitchi. Wojambula zithunzi akukonza kamera yake, a Saize anaimirira, anaomba m'manja mwaulemu kwa alendo, n'kutulutsa sikuludiraiva. Ine ndinali mbali ina ya bwalo ndikukhazika ana pansi. Pamene ndinkatembenuka, Che Bwanali anali ataigwira kale kompyutayo ndi manja awiri kuti isagwedezeke, azibambo ena a komiti atazungulira tebulo, wina kumbuyo akunena kuti aonetsetse ngati mulibe dzimbiri. Pamsoko wa chivindikiro panali kapepala konyezimira. A Saize anakadula ndi nsonga ya sikuludiraiva, chivindikiro n'kuchoka, makolo n'kuwerama kuti aone nawo.

Mayi uja anagwira kumutu.

"Bambo, mwachita chiyani? Kapepala kameneko sikadulidwa. Kakangong'ambika ndiye kuti kampani yasamba m'manja."

Che Bwanali anasiya kompyuta ija ngati yatentha.

"Pepani amayi, ife timati tikulemekeza. Nanga chikadzafa titsegula bwanji?"

"Simutsegula, bambo. Mumatiimbira foni, ife timatumiza munthu wathu kuchokera ku Lilongwe."

"Nthawi ya mvula?" anafunsa a Saize. "Msewu wathu uwu?"

Mpaka pamenepo zinthu zikanakonzeka. Mayiyo anali munthu wabwino mtima, anati poti ndi imodzi yokha akafotokoza kwa mabwana ake kuti kunali kusadziwa. Ndinayamba kupuma. Ndiye a Saize, mutu uli m'kati mwa kompyuta, ananena mosangalala kuti zinthuzi n'zolimba ndithu, ndipo akangochotsamo ya lendi ija n'kuikamo ya pakhomo zitumikira ana kwa nthawi yaitali, pofika Lolemba akhala atamaliza onse. Mayiyo anafotokoza mofatsa kuti pangano silikulola kusintha sisitimu, popeza cholinga n'chakuti ana aphunzire pa chimene akachipeze m'maofesi. A Saize anaweramuka n'kunena, pamaso pa makolo, ahedi ndi ansembe, kuti ngati zili choncho imeneyi si mphatso, atibwereka chabe nyumba makiyi ali nawo okha. Kwaya, imene sinamve kanthu, inaona kuti pakhala chete n'kuyamba nyimbo yothokoza ija. Nsomba za Che Bwanali tinazidya maso ali m'mbale. Patapita masabata angapo kunabwera galimoto kudzatenga makompyuta onse, akuti akawaunike, ndipo kenako tinamva kuti aperekedwa kusukulu ina cha ku Nkope, tsidya la nyanja.

Che Bwanali ndi makolo aja analakwa ndi mtima woyera, zimenezo ndilibe nazo mawu. Koma a Saize ankawerenga Chingerezi ndi Chipwitikizi chomwe, ndipo mawu a pa kapepala kaja anali a zilembo zikuluzikulu. Nditawafunsa anati tsikulo magalasi anawaiwala kunyumba. Chithunzi cha tsikulo ndili nacho mpaka lero, magalasi ali pamphuno.

Teremu yonse sindinawalankhule. Che Bwanali akawaona kugombe ankatembenukira kunyanja. A Saize sanaoneke kuti zikuwakhudza, ankangobwera m'mawa uliwonse, kutsegula mawindo, kupukuta fumbi pa zinthu zawo zakale zija akuimba nyimbo za m'buku. Akatopa ankakwera matola kupita ku boma kukadzaza mafulashi awo ndi mapulogalamu atsopano pamalo ogulitsa intaneti, n'kubwerako madzulo atatuwa ndi fumbi, akusangalala ngati munthu wochokera kokolola.

Panali nkhani ina imene ankaikonda kwambiri, ya mjigo, ndipo tonse tinali titaimva mpaka kutopa nayo. A Saize anabadwira tsidya la Mozambiki, m'mphepete mwa nyanja yomweyi, ndipo anali mphunzitsi pasukulu ya mishoni kumeneko. Nkhondo itafika anathawa pa bwato ndi mkazi wawo, nakhala zaka zingapo pamalo a othawa kwawo kufupi ndi malire. Pamalopo panali mjigo wabwino kwambiri, wonyezimira, womangidwa ndi mabauti oti sipanala wamba sangawagwire. Sipanala yake inali ndi munthu mmodzi wa bungwe limene linauika. Munthuyo atasamutsidwa mjigo unafa, chovuta chili kalabala kakang'ono kamene aliyense akanatha kudula pa tayala lakale, ndipo anthu anabwerera kukatunga ku dambo. A Saize ankathera pamenepo, n'kuloza kompyuta ya mu ofesi ya ahedi.

Mbali yotsala ndinaimva kwa mayi Saize. Anandipeza kumsika m'nyengo ya kusalankhulana ija, ndikusankha tomato, n'kuima pambali panga ngati akusankha nawo.

"Madamu, ndamva zimene achita abambo akunyumba. Ndi ovuta, ndikudziwa, ndakhala nawo. Koma nkhani ya mjigo ija samaimaliza. Madzi a ku dambo aja ndi amene anatenga mwana wathu woyamba. Bambo ake anakhala tsiku lonse pamjigopo akumenya mabauti ndi mwala."

Anasankha tomato wawo n'kumapita. Ine ndinamva chisoni, komanso ndinakwiya kuposa kale, chifukwa tsopano sindikanathanso kuwakwiyira momasuka. Mawa lake a Saize ndinawapatsa moni. Anayankha ngati tinalankhulana dzulo, n'kundifunsa ngati ndingawalole aike ya pakhomo pa laputopu yanga.

Koma chisoni cha munthu mmodzi sichichotsa zimene zinachitikira Asiyatu. Ameneyu anali mtsikana wanzeru kuposa onse amene anadutsa m'chipinda chija, mwana wa mayi woyanika usipa. A Saize ankanyadira naye chifukwa ankatha kulamula kompyuta pa kawindo kakuda kaja, kolemba mawu okhaokha opanda zithunzi, kamene enafe tikakaona mutu unkatiwawa. Atamaliza Fomu 4 kunapezeka ntchito yolandira alendo pa loji ina ku Chembe. Pofunsidwa mafunso anayankha bwino, Chingerezi chake chinawakondweretsa. Kenako anamukhazika pa kompyuta ya mu ofesi kuti alembe kalata ndi kukonza ndandanda wa zipinda. Inali ya lendi ija, imene mwanayu anali asanaigwirepo chibadwire. Nthawi inatha akufunafuna pamene zinthu zili, ndipo ntchito anapatsa wina wochokera ku Blantyre.

Anabwera kusukulu atavala diresi lomwe anapita nalo ku Chembe. Ine ndinali m'chipindamo.

"Aphunzitsi, zimene munatiphunzitsa kulibe kumeneko."

"Zonse zilipo, mwanawe, zangoikidwa malo ena. Munthu wodziwa chimene akufuna amachipeza."

"Ndikanachipeza, aphunzitsi. Koma anali ataima kumbuyo kwanga akuyang'ana wotchi."

Ine ndinaganiza kuti lero ndimva a Saize akupepesa. M'malo mwake anayamba kudzudzula eni loji kuti akuwononga chuma pa laisensi. Asiyatu anawayang'ana, anawerama pang'ono mwaulemu, n'kutuluka. Lero amagulitsa usipa wouma pamsika wa ku boma, ndipo akandiona amandionjezera usipa wodzaza dzanja limodzi. Kupepesa kwa a Saize kunabwera mwa njira yawo. Teremu yotsatira pakona ya chipinda panaoneka kompyuta imodzi yokhala ndi ya lendi, imene anaipempha kwa mnzawo wina ku boma. Anaitcha mlendo. Ana a Fomu 4 ankawaphunzitsirapo Lachisanu lililonse, mphuno atakwinya, akuigwira ndi nsonga za zala ngati nsomba yoyamba kununkha.

Mkangano wathu waukulu, umene sitinaumalize, unali wa wolowa m'malo. A Saize ankakonda kufanizira Linux ndi kukoka khoka kugombe. Ankati anthu a dziko lonse agwira chingwe chimodzi, aliyense wokoka amapita kwawo ndi ndiwo, ndipo n'chifukwa chake chinthuchi sichingafe ngakhale kampani iliyonse itagwa. Anali mawu okoma, ndipo ana ankawalemba m'makope. Koma m'chipinda mwawomo khoka ankakoka okha. Mwana akangolakwitsa pang'ono, dzanja lalitali lija linkadutsa paphewa pake n'kumulanda mausi. Akatsegula kompyuta kuti akonze, ana ankaloledwa kuzungulira ndi kuyang'ana, manja ali kumbuyo. Boma litatitumizira mphunzitsi wachinyamata amene anaphunzira za makompyuta ku koleji, ndinamupereka kwa iwo ndi chimwemwe. A Saize ankaima kumbuyo kwake akupumira m'khosi mwake, chilichonse chimene wachita m'mawa iwo n'kuchichitanso masana. Chaka chisanathe mnyamatayo anapempha kusamutsidwa.

"Bambo Saize, inu mukadzachoka izi adzakonza ndani?"

"Zonse zinalembedwa pa intaneti, madamu. Palibe chobisika. Ubwino wake ndi umenewo."

"Bandulo yowerengera zimenezo ali nayo ndani kuno? Nanga Chingerezi chake chija?"

"Aphunzire."

"Aphunzira bwanji inu mukuwalanda mausi?"

"Amaononga, madamu. Makinawa ndi okalamba, safuna manja ambiri."

Ndinawauza kuti iwo asanduka munthu wa sipanala uja. Ndinanena dala kuti ziwapweteke, ndipo zinawapweteka. Anatuluka, masiku angapo sanabwere, ndipo atabwera anamulola mtsikana wina wa Fomu 3 kumasula sikuluwu imodzi. Yachiwiri anamasula okha.

Makompyuta a mphatso aja anabweranso patapita zaka. Kampani inalengeza kuti sisitimu yake yakale yatha ntchito, aliyense asamukire ku yatsopano, ndipo makina a ku Nkope anapezeka kuti alibe mphamvu zonyamula yatsopanoyo. Ntchito ya bungwe lija inali itatha, foni yawo sinkayankhidwa. Mavairasi analowa, makina anayamba kuzima limodzilimodzi, mpaka onse anaunjikidwa m'sitolo, timapepala tonyezimira tili tosadulidwa kupatula kamodzi kaja. Ahedi a kumeneko anandiimbira mwamanyazi kufunsa ngati mkulu wathu uja akadali moyo. Che Bwanali, amene anali atakhala zaka osamupatsa munthuyu moni wabwino, ndi amene anatumiza boti kukawatenga. Makompyutawo anafika atakulungidwa m'matumba, ali pamwamba pa maukonde, akununkha usipa. A Saize anawachingamira m'madzi, buluku atapindira m'mawondo.

Masabata otsatirawo anali osapiririka. Akananena kuti ndinakuuzani, bwenzi zili bwino. Iwo sananene kanthu, ankangodutsa pawindo la ofesi yanga atanyamula kompyuta pachifuwa, akuimba nyimbo ya Pasaka, n'kubwereranso njira yomweyo ngakhale kulibe chokatenga. Tsiku lina ndinatulutsa mutu pawindo n'kuwauza kuti ana a ku Nkope aphunzira zaka zonsezi pa makina atsopano, ena a iwo ali pantchito m'maloji, pamene athu aphunzira pa zigoba. Ndinawafunsa kuti wapindula ndani pamenepo. Anati ndidzawafunse zaka zikubwerazi, makina awa akadali kugwira ntchito.

Sanadikire kuti ndiwafunse. Mwezi wotentha wa chaka chatha anagwa panjira akupita kunyumba kukadya nkhomaliro, bipi itakwera, ndipo anamwalira kuchipatala ku boma osalankhulanso. Ndinalira kwambiri pamaliro awo, kuposa mmene ndinkayembekezera, mpaka aphunzitsi anzanga anadabwa. Munthu amene wakukwiyitsa m'mawa uliwonse kwa zaka zonsezo akachoka, m'mawa umakhala wautali.

Makina aja anapitiriza kugwira ntchito miyezi ingapo, ndipo ndinayamba kuganiza kuti mwina mkuluyu ankanena zoona. Kenako kompyuta imodzi inayamba kufunsa funso poyatsa limene palibe ankalimva. Ina inasiya kuona pulinta. Ina inangoti zii. Ndinaitana mnyamata wokonza makompyuta ku boma. Anayang'ana kawindo kakuda kaja, anakanda kumutu, nati iye amadziwa ya lendi ija, ndipo angathe kutiikira yakuba koma makinawa sanganyamule. Ndinapita kwa Asiyatu kumsika kukamupempha kuti abwere adzaone. Anaseka pang'ono, mwana ali kumbuyo, nati iye anaphunzitsidwa kulamula kompyuta yamoyo, yodwala ankangoionera patali.

Ndimawerenga pa foni kuti Linux ndi imene ikuyendetsa makina akuluakulu ambiri a padziko, ndiponso kuti maofesi a m'maiko ena akutulukadi m'nyumba ya lendi. Mwina ulosi wa a Saize udzakwaniritsidwa kumeneko, kumene kuli anthu ambiri ogwira chingwe. Kuno ya lendi imafuna munthu woyankha foni ku Lilongwe, ya pakhomo imafuna manja odziwa pakhomo pomwepo, ndipo ife tinali ndi manja awiri okha amene tawaika pansi pa simenti. Matabuleti a bungwe latsopanoli ndinawaona kusukulu ina. Ndi opepuka, ana amawakonda, ndipo akawonongeka amatumizidwa ku tauni. Sindikudziwa kuti adzakhala zaka zingati. Chimene ndikudziwa n'chakuti ana a Fomu 1 a chaka chino sanakhalepo pa kompyuta yoyaka kuposa kawiri kapena katatu, ndipo iwowo sangadikire kuti dziko lisinthe maganizo.

Titatuluka kumanda Loweruka lija, Che Bwanali, amene anakhala kunja kwa mpanda nthawi ya mapemphero poti ndi Msilamu, anandipeza panjira.

"Madamu, ndiye mwaganiza bwanji za chipinda chija?"

"Tilandira matabuleti, Che Bwanali."

"Walayi, mkuluyu atembenuka m'menemo." Anayenda pang'ono. "Koma ulendo uno ine sindigwira kanthu. Manja anga akhala m'thumba."

"Musadandaule. Zinthu zake zilibe ngakhale sikuluwu imodzi."

Lolemba m'mawa, ana asanalowe m'makalasi, ndinapita kukaona kuti katunduyo atuluka bwanji. Chipindacho n'chotentha ngakhale m'mawa, chifukwa palibe amene amakumbukira kutsegula mawindo. Makompyuta akufa ali m'mizere yawo, iliyonse itafundidwa kansalu kachitenje kamene mayi Saize anasoka, ndipo fumbi la mwera lakhala pamwamba pa nsaluzo. Awiri kapena atatu akadali amoyo, ukawayatsa amalira ngati kale. Mpando wawo wa matabwa uli kumapeto, mwendo umodzi womangidwa ndi waya wa magetsi. Pabenchi yokonzerapo pali kompyuta yomaliza ya ku Nkope, itagonekedwa cham'mbali, mimba ili poyera, mmene anaisiyira tsiku lija popita kukadya. Masikuluwu ake ali m'chivindikiro cha botolo la mafuta odzola. Mavu amanga chisa chadothi pakona ya mkati mwa kompyutayo. Chivindikiro chake chatsamira khoma.

Ndinachinyamula kuti nditseke, ana asadzadzicheke ponyamula. Pamenepo ndinaona m'mimba mwa kompyutayo kabolodi kobiriwira, kotalika ngati chala, kali m'malo mwake mbali imodzi yokha, mbali inayo ili m'mwamba. Ndinaima nthawi yaitali ndikukayang'ana. Sindikudziwa ngati a Saize ankakachotsa kapena ankakalowetsa, ndipo kuyambira ku Malindi kuno mpaka ku boma palibe munthu amene ndingamufunse. Ndinabweza chivindikirocho pakhoma pamene chinali, n'kupita kukaitana ana oti adzanyamule.